KUTALIKA KWA NYUMBA SI MUYESO WA CUMA CA MZINDA

Masiku ano zithunzi-thunzi za mizinda ikulu-ikulu zafika m'mudzi uliwonse. Pa makalendala, pa wailesi ya kanema ndi pa mafoni a m'manja, anthu aona nyumba zosanja za ku Dubai, New York ndi Johannesburg zitandandalika ngati mapiri, magetsi ali ngwee usiku wonse. Ambiri, maka-maka acinyamata, akaona zimenezi aganiza kuti mzinda wa nyumba zazitali koposa ndiwo wolemera koposa, ndi kuti kumudzi kulibe kanthu. Maganizo otere ndi olakwika ndipo afunika kuongoledwa, pakuti ndiwo acititsa anyamata ndi atsikana kutaya makasu ndi kuthamangira ku tauni kumene nchito siipezeka.

Cuma ca mzinda sicipimidwa ndi maso. Akatswiri a za cuma awerengera mtengo wa zinthu zonse zimene anthu a m'dera apanga ndi nchito zonse zimene agwira pa caka cimodzi, atacotsapo mtengo wa zipangizo zimene anagula kwa ena. Mwacitsanzo, mwini cigayo akagula cimanga, nagaya, nagulitsa ufa, gawo lake ndi mtengo wa ufa atacotsapo mtengo wa cimangaco, pakuti cimangaco ndi thukuta la mlimi. Ciwerengero cimeneci ndico cichedwa GDP. Poyerekeza mizinda, akatswiri awerengera pamodzi mzinda weni-weni ndi madera onse ouzungulira kumene anchito acokera m'mawa ndi kubwererako madzulo.

Muyeso umenewu ukagwiritsidwa nchito, pamaoneka zodabwitsa. Ndi zoona kuti dera la New York ku America, limene liri ndi nyumba zosanja zambiri-mbiri, linatulutsa cuma coposa madola mabiliyoni 2,000 m'caka ca 2023. Koma m'dziko lomwelo muli mzinda wa San Jose, m'cigawo ca California, kumene m'caka comweco kunalibe nyumba yofika mamita 100, kaamba ka bwalo la ndeke limene liri pafupi ndi pakati pa mzinda. Dera limeneli liri ndi anthu pafupi-fupi mamiliyoni 2 cabe, koma linatulutsa cuma ca madola pafupi-fupi mabiliyoni 400, cifukwa ndiko kuli malikulu a makampani a makompyuta monga Apple, Google ndi Intel. Dziko lonse la Zambia silinafike pa mabiliyoni 30. Nyumba yaitali koposa ya ku San Jose ingolingana msinkhu ndi Findeco House ya mu Lusaka, koma cuma ca deralo ciposa ca dziko lino kuwirikiza kakhumi ndi kupitirira. Cimene calemeretsa San Jose ndi maphunziro a anthu ake ndi katundu amene dziko lonse lapansi lifuna kugula.

Mbiri ionetsanso kuti nyumba zazitali kawiri-kawiri zimangidwa ndi ngongole pa nthawi ya cisangalalo, ndipo zitha kumangidwa mabvuto atafika kale. Empire State Building ya ku New York, ya nsanjika 102, inatsegulidwa mu 1931 pamene anthu mamiliyoni a ku America anali pa ulova, ndipo maofesi ake ambiri anakhala opanda anthu kwa zaka zingapo. Ku Pyongyang, likulu la North Korea, hotela ya Ryugyong ya nsanjika 105 inayamba kumangidwa mu 1987, nchito inaima mu 1992 kaamba ka kusowa ndalama, ndipo zaka zoposa 30 zinapita osalandira mlendo. Ku Dubai, nyumba yaitali koposa pa dziko lapansi, ya mamita 828, inatsegulidwa mu Januwale 2010, patangopita milungu yowerengeka kucokera pamene boma la Abu Dhabi linapereka madola mabiliyoni 10 kupulumutsa Dubai ku ngongole. Nyumbayo inayenera kuchedwa Burj Dubai, koma inapatsidwa dzina la Burj Khalifa polemekeza mfumu ya ku Abu Dhabi imene inapereka thandizolo. Ku Johannesburg, Carlton Centre ya nsanjika 50 inamangidwa mu 1973, koma makampani atasamukira ku Sandton, hotela yochuka ya pambali pake inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Akulu-akulu sananame pamene anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Phunziro limeneli dziko la Zambia linaliona ndi maso ake. Nyumba zosanja za pa mseu wa Cairo mu Lusaka, monga Findeco House, Indeco House ndi Zimco House, zichedwa ndi maina a makampani a Boma amene anakula pambuyo pa kusintha kwa kayendetsedwe ka cuma kumene kunalengezedwa ku Mulungushi mu 1968 ndi ku Matero mu 1969. Pa nthawiyo mkuwa unali kubweretsa ndalama za kunja zoposa magawo 9 mwa magawo 10 alionse. Pofika mu 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa kwambiri pa misika ya kunja, pamene mtengo wa mafuta unali utakwera. Findeco House, ya nsanjika 23, inatha kumangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo m'zaka zimenezo ndi zotsatira anthu anali kufola pa mizere yaitali kuyembekezera sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Nyumbayo inaima njii, koma matumba a anthu anali kuphwa. Society House, pa mseu womwewo, inapsa ndi moto mu 1997 ndipo inakhala bwinja kwa zaka zoposa khumi isanakonzedwenso. Mlendo woona cithunzi ca Lusaka cojambulidwa patali sakanadziwa kanthu za zimenezi.

Tsono poyerekeza cuma ca mizinda pali zinthu zitatu zimene munthu wocenjera ayenera kukumbukira. Coyamba ndi kuculuka kwa anthu. Banja la anthu makumi awiri likakolola ngolo khumi za cimanga, ndipo banja la anthu anai likakolola ngolo zisanu, njala idzayamba kugogoda pa khomo la banja loyambalo, ngakhale kuti nkhokwe yake ndiyo yaikulu. N'cimodzi-modzi ndi mizinda. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa mamiliyoni 2 m'boma la Lusaka lokha, ndipo ambiri mwa iwo akhala m'makomboni monga Kanyama, Misisi, Chawama ndi George. M'makomboni otere ndimo matenda a kolera anakantha kwambiri mu 2017 ndi 2018, ndiponso kuciyambi kwa 2024, pamene bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Cuma ca mzinda cikagawidwa pa mutu wa munthu aliyense, cimacepa kusiyana ndi m'mene nyumba za pa mseu wa Cairo zionetsera.

Caciwiri ndi kumene cuma cicokera. Ofesi ikhala m'tauni, koma dzenje la mgodi ndi munda ziri kutali. M'zaka za m'ma 1970 likulu la Zimco linali mu Lusaka, pamene mkuwa unali kukumbidwa ku Nchanga, Nkana, Mufulira ndi Luanshya. M'caka ca 2024 migodi itatu ya m'Cigawo ca Kumpoto Cakumadzulo, ndiyo Kansanshi, Lumwana ndi Sentinel ya ku Kalumbila, inatulutsa coposa theka la mkuwa wonse wa dziko lino. Ku Solwezi kulibe nyumba yopikisana ndi Findeco House, koma ndalama zambiri za kunja zimene zigulira mafuta, mankhwala ndi feteleza zicokera m'nthaka ya kumeneko. Shuga wogulitsidwa m'masitolo a mu Lusaka acokera ku minda ya nzimbe ya Nakambala ku Mazabuka, tirigu acokera ku mafamu monga a ku Mkushi, ndipo nshawa, soya ndi thonje wambiri zicokera kwa alimi a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi.

Cacitatu ndi zinthu zimene zibvuta kuwerenga. Malonda a banki kapena a sitolo yaikulu alembedwa m'mabuku tsiku ndi tsiku. Koma cimanga cimene banja lilima ndi kudya lokha, nkhuku zimene mai aweta pa khomo, nkhuni, udzu wofolerera nyumba ndi nchito ya ng'ombe zolima, zonsezi akatswiri angoziyerekeza cabe. Motero mudzi uoneka wosauka pa pepala kuposa m'mene uliri, ngakhale kuti anthu pafupi-fupi 6 mwa anthu 10 alionse a m'dziko lino anapezeka kuti akhala kumidzi mu 2022.

Cilala ca mu 2024 cinaonetsa poyera kuti mzinda uimirira pa mapewa a yani. Mu Febuluwale caka cimeneco Boma linalengeza kuti m'dziko mwagwa tsoka. Cimanga cokololedwa cinatsika kufika pa matani pafupi-fupi mamiliyoni 1.5, pamene caka capambuyo pake cinali coposa mamiliyoni 3. Ufa unakwera mtengo m'matauni onse, ndipo Boma linakafuna cimanga ku Tanzania. Madzi a m'nyanja ya Kariba atacepa, magetsi anali kuzima mpaka maola 20 pa tsiku m'madera ena. Zikepe zokwerera nyumba zosanja, makina ometera tsitsi ndi ooceherera zitsulo, zonse zinadalira majenereta kapena kuima kumene. Mvula imene inakana kugwa pa munda wa mlimi ndiyo inadetsa maofesi a mu Lusaka.

Zonsezi sizitanthauza kuti mizinda iribe phindu. Kumene malo ali ocepa ndi okwera mtengo, monga ku Hong Kong, kumanga nyumba zosanja ndi nzeru. Mzinda usonkhanitsa amisiri, masukulu akulu, zipatala, mabanki ndi mafakitale, ndipo ndiwo msika wa zokolola za mlimi. Mu 2014 zigawo ziwiri za Lusaka ndi Migodi zinatulutsa coposa theka la cuma conse ca dziko. Mutu umodzi susenza denga: mudzi ufuna mzinda, ndipo mzinda ufuna mudzi. Colakwika ndico kuyesa citukuko ndi kutalika kwa zipupa.

Cotero anthu a m'midzi, mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a makopaletivu ayenera kufunsa mafunso oyenera pamene auzidwa za kukula kwa mzinda. Kodi mzindawo upanga ciani cimene cingagulitsidwe? Kodi anthu angati apeza nchito yokhazikika? Kodi nyumbazo zamangidwa ndi phindu kapena ndi ngongole imene ana adzalipira? Ndipo kodi gawo lotani la cumaco libwerera kumene cinacokera, mwa miseu yotulutsira mbeu, milatho, madamu a ulimi wothirira, magetsi, zigayo ndi makina oyengera mafuta a nshawa ndi soya pafupi ndi minda?

Mnyamata amene alingalira zogulitsa ng'ombe za makolo kuti akwere basi ya ku Lusaka ayenera kuuzidwa zoona zonse asananyamuke. Nyumba zazitali adzazionadi, koma lendi adzalipira ku komboni, madzi adzagula pa cigubu, ndipo ufa umene adzadya udzacokera ku munda wonga umene wausiya. Makolo ndi atsogoleri amene adziwa zimenezi ali ndi udindo wozifotokoza pa misonkhano ya m'midzi ndi m'masukulu, ndiponso wolimbikira kuti zokolola zizigayidwa, kuyengedwa ndi kupakidwa m'maboma momwe zalimidwa, kuti nchito ndi phindu zitsale kumeneko.