Phungu Wathu ndi Mankhwala a M'chipatala



M'maparishi ambiri timamva dandaulo limodzi: wodwala afika kuchipatala cha boma, adokotala amulembera mankhwala, kenaka auzidwa kuti akagule yekha. Tikudzifunsa ngati ife eni ake tidayamba tapita nalo dandauloli kwa phungu wathu wa ku Nyumba ya Malamulo.

Kwa phungu timapitako ndithu, koma kawirikawiri kukapempha bokosi la maliro kapena galimoto yonyamula thupi. Sitinyoza thandizo lotere, pakuti maliro ndi olemetsa. Koma ntchito yomwe tidamusankhira ndi ina: iye ndiye amakambirana ndi kuvomereza bajeti ya dziko, ndipo ali ndi mphamvu yofunsa nduna ya zaumoyo dziko lonse likumva. Mu 2001, ku Abuja, atsogoleri a maiko a mu Afirika adalonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri dziko lathu lalephera kufikapo. Sitinaiwalenso kuti kolera ya mu 2022 ndi 2023 idatenga miyoyo yoposa 1,700.

Gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, lomwe linkalola anthu kuchotsa phungu wawo, lidafafanizidwa mu 1995. Chotsala m'manja mwathu ndi pakamwa ndi voti. Choncho tikupempha mphakati uliwonse kuti ulembe mankhwala osowa pachipatala chapafupi, ndi masiku omwe adasowa, nupereke kalatayo kwa phungu pamaso pa amfumu bajeti isanakambidwe. Akadzabwerako ku Lilongwe, tidzamufunse zomwe adayankhula m'Nyumbamo.