Musachoke kwa dokotala pepala la sikani lisanamasuliridwe

Amayi anzanga, mwina munazionapo mu mphakati mwanu. Mwana wagwa pa kabaza, atumizidwa ku Central, amujambula mutu ndi makina a CT scan, mayi ake n'kubwerera ku Mtandire atagwira pepala lachingerezi. Mwana wa neba wa Fomu 4 awerenga mawu akuti "arachnoid cyst", wina amasulira kuti chotupa cha mu ubongo. Pofika madzulo, pa kiyosiki ya madzi yamveka kale kuti mwanayo ali ndi khansa.

Imeneyi si khansa. Ubongo unakutidwa ndi timakungu titatu, ndipo kapakati n'kopyapyala ngati ukonde wa kangaude. Nthawi zina m'kakungu kameneka mumapangika kathumba kodzala ndi madzi omwe aja amene amazungulira ubongo wa aliyense. Ambiri amabadwa nako. Mwa anthu 100 ojambulidwa mutu, mmodzi kapena awiri amapezeka nako, makamaka amuna, ndipo ochuluka amakalamba nako osadziwa. Kawirikawiri kamaoneka mwangozi, madokotala akufufuza zina.

N'chifukwa chake dokotala akati "pitani kunyumba, mudzabwere tidzaunikenso", sikuti wakunyozani poti ndinu osauka. Kathumba kosavuta sakagwira, chifukwa kutsegula mutu nako kuli ndi zoopsa zake. Opaleshoni amaiganizira kathumbako kakamafinya ubongo kapena kutseka njira ya madzi. Apo amakaboola kuti madzi azituluka, mwina ndi kachipangizo kokhala ndi kamera, kapena amaika kachubu kotsitsira madziwo m'mimba. Madokotala a ubongo alipo kuno kwathu: ku LION, pa Central pomwepo, ndi ku Queens ku Blantyre, komwe makina a MRI anafika mu 2008.

Koma musagone. Mutu wopweteka kwambiri pamodzi ndi kusanza makamaka m'mawa, kukomoka ngati khunyu, kuona zinthu ziwiriziwiri, kufooka mbali imodzi, kapena mutu wa khanda kukula mofulumira, izi n'zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira deti yolembedwa m'kabuku. Chimodzimodzi akamenyetsa mutu n'kuyamba kusinza kapena kusokonezeka, pakuti magazi angathe kutayikira m'katimo.

Palinso china. Mawu akuti "cyst" amalembedwanso pa timatumba tobwera ndi mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, tomwe timayambitsa khunyu ndipo tili ndi mankhwala ake. Awa ndi matenda ena ndithu, ndipo neba sangawasiyanitse powerenga pepala.

Chimene chimandiwawa n'chakuti timaopa kufunsa. Mzere ndi wautali, dokotala watopa, ife tingoti "zikomo adokotala" n'kutuluka, kenako ndalama ya banki m'khonde ithera kwa ogulitsa mankhwala oti amasungunula chotupa. Palibe chakumwa chimene chimaphwetsa kathumba kameneka. Timadziwa kuperekezana pa maliro ndi kuphikira odwala; tiyeni tiziperekezananso kukamva zotsatira, poti mayi wamantha sagwira zonse zimene wauzidwa. Woperekezayo afunse m'Chichewa: kathumbaka kali mbali iti? Kodi ndi kamene kakudwalitsa, kapena mutuwu uli ndi chifukwa china? Tidzabwerenso liti? Mwanayu azisewera mpira? Mayankho apemphe kuti alembedwe m'kabuku ka kuchipatala, ndipo pepala la sikani mulisunge m'pulasitiki, chifukwa tsiku lodzajambulanso adzafuna kufananitsa ndi loyambali.