Mpando wa Phungu Ukakhala Wopanda Mwini ku Mtakataka

Pa chisankho chachikulu cha pa 16 September 2025 dziko la Malawi linali ndi madera 229 a aphungu, koma si onse amene anapeza phungu pa nthawi imeneyo. Limodzi mwa madera otsalirawo linali Dedza Mtakataka, kumunsi kwa mapiri a Dedza, kotero kuti Nyumba ya Malamulo yatsopano itayamba kukumana ku Lilongwe, mpando wa anthu a kumeneko unali wopanda mwini, kudikira chisankho chachibwereza.

Boma la Dedza si lachilendo pa zisankho zotere. Pa 26 October 2021 anthu a ku Dedza Central East anasankha Bambo Joshua Malango kulowa m'malo mwa malemu Bambo McSteyn Mkomba, ndipo mu 2023 a ku Dedza Central anasankha Bambo Willard Gwengwe, Bambo Daniel Chiwere atatula pansi udindo. Opambana onse awiriwo anali a Malawi Congress Party. Koma madera amenewo ndi a kumtunda, kwa alimi a kachewere, ndipo wolingalira bwino sangayese nkhani za kuchigwa ndi muyeso wa kumapiri.

Kuchigwa nkhani ndi mpunga, nsomba ndi msewu. Mlimi wa pa sikimu ya Bwanje, imene inamangidwa ndi chithandizo cha dziko la Japan pa mahekitala 800, afuna madzi afike m'ngalande ndiponso mpunga wake ugulidwe pa mtengo wabwino. Wodwala wopita ku chipatala cha Mua, pamene Ansembe Oyera anakhazika mishoni mu 1902, afuna msewu wa M5 ukhale wopitika ngakhale mitsinje yotsika m'mapiri itadzaza. Ku Golomoti kuli makina opanga magetsi a dzuwa a mphamvu ya mamegawati 20 amene anayamba ntchito mu 2022, ndipo anthu a m'midzi yozungulira ali nalo funso lawo, lakuti mawayawo adzafika liti pakhomo. Zonsezi zifuna pakamwa m'Nyumba ya Malamulo. Ndicho chifukwa chake ndime 63 ya Malamulo Aakulu a dziko inalamula kuti mpando wa phungu ukakhala wopanda munthu, pachitike chisankho chachibwereza chopezera phungu wina.

Vuto la chisankho chachibwereza ndi lakuti pa pepala loponyera palibe dzina la Mtsogoleri wa dziko, motero ambiri amachiyesa chaching'ono, napita kumunda kapena kunyanja. Tsono phungu safuna mavoti opitirira theka monga afunira Mtsogoleri. Wongoposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, ndiye wapambana. Anthu ochepa angathe kusankhira dera lonse munthu amene adzakhala pampandopo kufikira chisankho chachikulu china.

Palinso china chokhudza aphunzitsi ndi antchito a Boma. Pa chisankho chachikulu zipani zimamwazikana dziko lonse, koma pa chachibwereza akuluakulu onse amatsikira malo amodzi ndi magalimoto awo, nsalu zawo ndi malonjezo awo. Malo oponyera voti nthawi zambiri amakhala pasukulu, ndipo ambiri mwa olandira anthu ndi owerenga mavoti ndi aphunzitsi a pomwepo, amene aliyense wopikisana amawadziwa nkhope ndi kwawo komwe. Mavoti akawerengedwa, nthumwi za zipani zimasaina pepala la zotsatira, akuluakulu aja nkukwera Khwekhwerere kubwerera kwawo, koma mphunzitsi amatsala pakati pa opambana ndi ogonja, ndipo sukulu ikatsegulidwa amaphunzitsa ana a onsewo m'kalasi imodzi.