MAWU A PA MALAYA M'NDEGE: UFULU NDI MALIRE AKE

Pa msika wa Zingwangwa, monganso m'misika ina ya mu Blantyre, milu ya kaunjika ili ndi malaya ambiri olembedwa mawu a Chingerezi. Mawu ena ndi nthabwala, ena ndi ndale za maiko akutali, koma ena ndi zotukwana zimene wogula sazizindikira. Tsono popeza amalonda, aphunzitsi ndi antchito a Boma a m'deralo amakwera ndege pa Chileka kunka ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, nkoyenera kufunsa: kodi munthu angatsitsidwe m'ndege chifukwa cha mawu a pa malaya ake?

Funso limeneli nlolemera m'dziko lino chifukwa cha zimene zinachitika kale. M'chaka cha 1973 kunaikidwa lamulo la Decency in Dress Act, limene linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi osaphimba mawondo. M'zaka zomwezo amuna a tsitsi lalitali anali kumetedwa kapena kubwezedwa akatsika pa bwalo la ndege. Lamulo la zovalalo linachotsedwa mu 1993, ndipo Malamulo Aakulu a dziko a 1994, m'gawo 35, anapatsa munthu aliyense ufulu wonena maganizo ake. Mu January 2012, pamene mavenda ena anavula akazi ovala mathalauzi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, akazi anasonkhana mu Blantyre kutsutsa nkhanzazo, ndipo Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Bingu wa Mutharika, ananena poyera kuti akazi ali ndi ufulu wovala chimene afuna. Aphunzitsi akukumbukiranso kuti mu 2023 Bwalo Lalikulu la Milandu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta asaletsedwe sukulu za Boma chifukwa cha tsitsi lawo.

Komatu ndege si msewu. Pamsewu munthu akaona mawu onyansa angathe kupatuka. M'ndege akhala nawo pafupi kufikira atatsika, ngakhale ali ndi ana kapena apongozi. Ku America mlandu wotere unaoneka mbali zonse ziwiri. Mu 1971 Bwalo Lalikulu la kumeneko linati boma silingalange munthu chifukwa cha mawu otukwana a pa jekete yake. Koma mu 2005 kampani ya Southwest Airlines inatsitsa mayi wina pa Reno chifukwa malaya ake anali ndi chithunzi cha Pulezidenti George W. Bush pamodzi ndi liwu lotukwana. Kumeneko lamulo la ufulu wolankhula limamanga manja a boma, osati a kampani. Ndiponso pangano la maiko la ku Tokyo la 1963 limalola woyendetsa ndege kutsitsa munthu wosokoneza bata ndi mwambo m'ndegemo.

Kuno zinthu nzosiyana pang'ono. Gawo 15 la Malamulo Aakulu likuti ufulu wa munthu ulemekezedwe ndi Boma, ndiponso ndi anthu ndi makampani pamene pakuwakhudza. Gawo 44 likuti ufulu ungachepetsedwe pokhapokha mwa lamulo ndi pa chifukwa chomveka. Kampani ya ndege ya dziko lino inakhazikitsidwa mu 2013, Boma litatenga magawo 51 mwa 100 ndipo Ethiopian Airlines magawo 49. Kotero siingachite ngati mwini golosale amene athamangitsa munthu chifukwa chakuti nkhope yake siinamkomere.

Malire oyenera ali pakati pa kutukwana ndi maganizo. Malaya otukwana, onyoza mtundu wa anthu kapena oopseza anzawo, wantchito wa m'ndege angapemphe mwaulemu kuti mwiniwake awatembenuze kapena avale jekete pamwamba. Kutsitsa munthu kukhale chinthu chomaliza, atakana kumva. Koma nsalu ya chipani, kapena malaya odzudzula mtsogoleri popanda chipongwe, si mlandu, ngakhale wokhala naye pampando akwiye. Walira mvula walira matope: anthu amene anafuna ufulu mu 1993 ayenera kupirira maganizo amene sawakonda.

Chofunika tsono nchakuti makampani alembe malamulo ao a zovala momveka, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kuti munthu awadziwe pogula tikiti. Lamulo losalembedwa limasanduka chifuniro cha munthu woima pakhomo, ndipo bwalo la Chileka linaziona kale zotere. Aphunzitsi nawonso athandize ana ndi makolo kuwerenga chimene chalembedwa pa malaya asanalipire ndalama zao pa msika.