Chilombo sitinachione, koma tonse tinanjenjemera

Loweruka ndinali pa benchi m'kanyumba koonetsa vidiyo pa Kapondo kuno ku Mchinji. Filimu isanayambe, mnyamata woonetsayo anaika trailer, kachidutswa kaja kotsatsa filimu yamawa. Mphindi ziwiri zokha, koma mayi wina wa zitumbuwa anachita kugwira bondo la munthu wosamdziwa. Nanga chilombocho? Sitinachione n'komwe.

Amalonda anzanga, inu mumalawitsa kasitomala kachidutswa ka nanazi kuti agule chonse. Opanga mafilimu oopsa nawo amalawitsa, koma katundu wawo ndi mantha, ndipo ali ndi njira zawo.

Yoyamba ndi kubisa. Amakuonetsani chitseko chikutseguka chokha, chithunzithunzi pakhoma, basi. Chotsalacho mutu wanu umajambula wokha. Mu Jaws ya 1975, chinsomba chochita kupanga chija chinkangofaifa pojambula, ndiye Steven Spielberg anachibisa kwa nthawi yaitali. Anthu anaopa koposa.

Yachiwiri ndi kuchedwetsa. Mu trailer ya Psycho ya 1960, Alfred Hitchcock amangoyenda m'nyumba kwa mphindi zisanu ndi imodzi, akuyamba nkhani n'kuisiya pakati. Kumapeto amakoka katani ya kubafa, mkazi n'kukuwa. Mfuu umodzi wokha, koma mwaudikira mpaka thukuta.

Yachitatu ndi phokoso. John Williams anaopseza dziko lonse mu Jaws muja ndi timawu tiwiri ta nyimbo tomabwerezabwereza, tikufulumira ngati mtima wa munthu wothamanga. Enanso amazimitsa zonse kuti zii, inu mwatchera khutu, kenaka phuu! Pomaliza zithunzi zimathamanga, mdima, dzina la filimu, tsiku. Yankho mulipire pakhomo.

Tsono chimene chandilembetsa si filimu ayi. Njira zomwezi ndi zimene mphekesera imayendera mumsika. Kumbukirani 2017, nkhani ya anamapopa ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe. Ndani anaona wopopa magazi ndi maso ake? Aliyense ankati anamva kwa msuweni wa mnzake. Usiku, kaphokoso padenga, nkhani yosatha: trailer yeniyeni. Koma kumeneko kunalibe mnyamata woyatsa magetsi filimu ikatha. Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'maderawo. Mu 2020 anansi athu a ku Zambia anaphananso chimodzimodzi pa nkhani ya othira gasi m'nyumba.

Ife a m'malire nkhani zimatipeza msanga, zimabwera pa kabaza pamodzi ndi katundu. Kandimverere adanena za m'maluwa. Wina akadzakunong'onezani zoopsa pa benchi yanu, mufunseni: waona ndi maso ako? Akayamba za msuweni, dziwani kuti akukulawitsani nanazi.

Kuvidiyo opani ndithu, mwalipira. Kumsika mantha aulere ndiye odula.

Tionana sabata yamawa.