Zimbale za CD zikutha, tisamutse zathu msanga

Akonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yanu yokondedwayi ndiperekeko maganizo anga pa nkhani ya zimbale za CD ndi DVD, pamodzi ndi kachipangizo kamene kamaziwerenga pa kompyuta. Ndikudziwa kuti ena anena kuti nkhalambayi yasowa chochita, ikulowerera nkhani za achinyamata. Ayi Akonzi, nkhaniyi yandipeza pakhomo panga pomwe, ndipo ndikhulupirira kuti pali anzanga ambiri amene ikuwadikira osadziwa.

Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndinagwira choko zaka 37, ndipo zaka 19 zomaliza ndinali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale kumudzi. M'chaka cha 2009 kwaya ya amayi ya mpingo wathu inajambulitsa nyimbo zake pa DVD, ndipo mayi a kunyumba kwanga ndiwo ankatsogolera nyimbozo. Iwo anatisiya mu 2018. Chimbalecho ndinachikulunga m'kansalu ndi kuchiika m'sutikesi pamodzi ndi setifiketi yanga ya uphunzitsi, mtima uli m'malo kuti mawu awo ndawasunga.

Pa Khirisimasi yapitayi mdzukulu wanga amene ali ku koleji anabwera ndi laputopu yatsopano. Popeza makina athu oonetsera DVD anafa kalekale, ndinatulutsa chimbale chija ndi kumupatsa kuti ana aang'ono amene sanawapeze agogo awo aakazi awaoneko nkhope ndi kumva mawu awo. Mnyamatayo anatembenuza laputopu uku ndi uku, kenaka n'kuseka. Anati, "Agogo, makina a masiku ano alibe polowetsa chimbale. Zimenezi zinatha kale." Ana aja anabalalika kukasewera, ine ndinatsala pakhonde chimbale chiri m'manja ngati munthu wogwira kiyi wa nyumba imene inagwa.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa ngati mwanayo ananena zoona. Nditafunsafunsa ndi kuwerenga, ndapeza kuti mbali ina ananena zoona, ndipo ife akuluakulu tisachite makani pa chinthu choonekeratu.

Chimbale cha CD chinayamba kugulitsidwa mu 1982, chitapangidwa ndi makampani a Sony ndi Philips. Chimanyamula nyimbo za mphindi pafupifupi 80, kapena zinthu zokwana 700 MB monga amawerengera a makompyuta. DVD inabwera mu 1996 ndi malo a 4.7 GB, ndipo Blu-ray inatsatira mu 2006 ndi malo a 25 GB. Zonsezi zimawerengedwa ndi kakuwala kotchedwa laser kamene kamayenda pansi pa chimbale pamene chikuzungulira. Tsono kachipangizo kameneka kali ndi injini yaing'ono, kagalasi ndi tina toyenda, choncho kamadya malo, kamalemetsa makina ndiponso kamatha batire. N'chifukwa chake mu 2008 kampani ya Apple inatulutsa laputopu ya MacBook Air yopanda polowetsa chimbale. Makampani ena anatsatira, kotero kuti lero malaputopu ambiri atsopano alibe kachipangizoka.

Zizindikiro zina ziripo. Kampani ya Netflix ya ku America, imene inayamba ndi kutumizira anthu mafilimu a pa DVD kudzera pa positi, inasiya ntchito imeneyo mu 2023. Nayo Sony, imene inali nawo poyambitsa CD, inalengeza mu 2025 kuti yasiya kupanga zimbale za Blu-ray zojambulirapo. Kwathu kuno sitifunika kupita kutali. Anyamata amene kale ankawotcha nyimbo pa zimbale m'misika yathu, lero amangoika pa fulashi kapena pa memori kadi ya foni. Kafulashi ka 32 GB, kochepa ngati chala chakaniso, kamanyamula zinthu zodzadza zimbale za CD zoposa 40. Ndani angasenze mtolo wa zimbale pamene angathe kuika zonse m'thumba la malaya?

Ife a msinkhu wanga taona zambiri zikubwera ndi kupita. Tinaona galamafoni yopukusa ndi dzanja, tinaona makaseti amene tinkawabweza ndi bolopeni, tinaonanso madisiketi aang'ono aja a 1.44 MB amene akalaliki ankasungirapo makalata. Zonsezi zinapita, ndipo CD nayo iri pa ulendo womwewo. Pamenepa sinditsutsana ndi mdzukulu wanga.

Koma pamene ndikusiyana naye ndi pa mawu akuti "zinatha kale". Makina angathe kutha m'sitolo, koma zimene tinaika pa zimbale sizinathe ntchito. Taganizani Akonzi, kwa zaka pafupifupi 20 maukwati athu, zinkhoswe, maliro a mafumu, miyambo yolonga ufumu ndi makwaya a m'mipingo zinkajambulidwa pa CD ndi DVD. Oimba athu ambiri a m'maboma anatulutsa nyimbo zawo pa zimbale zokha, ndipo zina mwa izo simungazipeze pa intaneti. M'masukulu ndi m'maofesi muli zimbale za mabuku, malipoti ndi zithunzi zimene zangounjikidwa m'makabati. Ngati chowerengera chisowa, zonsezi zatayika ngakhale chimbale chikhale chonyezimira ngati chatsopano.

Ndinenenso kuti chimbale chiri ndi ubwino wina umene achinyamata amaunyoza. Choyamba, chimene chawotchedwa pa chimbale cha CD-R kapena DVD-R ndi kutsekedwa sichingafufutidwe mwangozi, ndipo vayirasi ya pa kompyuta singalowemo pambuyo pake. Aliyense amene anapitapo ndi fulashi kokasindikiza mapepala akudziwa mmene timatenda ta makompyuta timayendera, ndiponso mmene ntchito ya mwezi wathunthu imasowera m'kanthawi kochepa. Chachiwiri, chimbale sichifuna bando ya intaneti kapena netiweki. Anzathu a m'tauni amati zonse tiziika pa intaneti, koma kumudzi kuno timakwera pachulu kuti tiimbe foni, ndipo ndalama ya bando imapikisana ndi ya sopo ndi mchere. Chachitatu, chimbale ukagula ndi chako. Zimene ziri pa intaneti mwini wake wa malowo angathe kuzichotsa, ndipo ukaiwala nambala yachinsinsi kapena foni ikabedwa umangogwira njakata. Ngakhale fulashi yomweyo, akatswiri amachenjeza kuti ikakhala zaka zambiri osalumikizidwa ku magetsi ingathe kutaya zimene inasunga.

Komabe ndisanamize anthu kuti chimbale ndi mwala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zimbale zowotcha tokha zimasiyana ndi zodindidwa ku fakitale. Zowotcha ziri ndi kautoto kopyapyala m'kati kamene kamaonongeka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Nyumba zathu za malata zimatentha ngati uvuni mwezi wa Okutobala, ndipo dzinja likafika zonse zimachita nkhungu. Chimbale chikakandika chimadumphadumpha kapena kukaniratu. Choncho amene akuganiza kuti wasunga chifukwa chakuti chimbale chiri m'sutikesi, monga ndinkaganizira ine, akudzinamiza.

Pali nkhani ina ya ku Mangalande imene inanditsegula maso. Mu 1086, molamulidwa ndi mfumu William, chuma ndi malo a dzikolo zinalembedwa m'buku lotchedwa Domesday. Bukulo liripo mpaka lero ndipo likuwerengeka. Mu 1986, pokumbukira kuti patha zaka 900, wailesi ya BBC mothandizana ndi ana a sukulu ambirimbiri inasonkhanitsa zithunzi, mapu ndi nkhani za moyo wa nthawiyo ndi kuziika pa zimbale zazikulu za laser zimene zinali zamakono kwambiri. Pasanathe zaka 20 makina owerengera zimbalezo anali atasowa, ndipo akatswiri anachita kukhetsa thukuta kuti apulumutse zimene zinali m'menemo. Ngati zinawachitikira eni ake a makinawo, kuli bwanji ife?

Ndinaonanso zofanana ndi zimenezi pa sukulu pathu. Mu 2017, pa nthawi ya kalembera wa ziphaso za unzika, anthu ena achikulire ankabwera kudzafunsa chaka chimene anayamba sukulu kuti adziwe zaka zawo. Tinkatsegula kaundula wakale wolembedwa ndi inki ndi aphunzitsi amene anamwalira kalekale, ndipo maina awo tinkawapeza, ngakhale chiswe chinali chitalawako m'mphepete. Koma chimbale chimene munthu wina wakufuna kwabwino anatiikirapo zotsatira za mayeso za zaka zingapo chinakana kutseguka pasanathe ndi zaka 10 zomwe. Sindikunena kuti tibwerere ku inki ndi nthenga ayi. Ndikungoti pepala limafuna maso okha, pamene chimbale chimafuna makina, magetsi ndi munthu wodziwa.

Nanga chimbale cha malemu mayi a kunyumba kwanga chinatha bwanji? Mdzukulu uja ataona kuti nkhope yanga yagwa, anachita manyazi. Atabwerera ku tauni anafunafuna mpaka anapeza kachipangizo kowerengera zimbale koima pakokha, kamene amakalumikiza ku laputopu ndi kachingwe ka USB. Pa Pasaka anabwera nako. Tinasonkhanitsa zimbale zonse za m'nyumba, zinakwana 12. Mwa izo 9 zinatseguka, 3 zinakana, ndipo chimodzi mwa zokanazo chinali cha ukwati wa mwana wanga wachisamba. Chimenecho chapita basi, madzi akatayika saoleka. Mwamwayi cha kwaya chija chinatseguka, ngakhale nyimbo yomaliza imaima pakati. Ana anakhala pamphasa ndi kuona agogo awo atavala yunifolomu yoyera akutsogolera nyimbo. Wamng'ono kwambiri anafunsa kuti, "Agogo, bwanji mukupukuta m'maso?" Tikadachedwa zaka zina ziwiri kapena zitatu, kaya tikadapeza chiyani.

Tsono Akonzi, maganizo anga ndi awa. Kachipangizo kowerengera zimbale sikofunikanso pa kompyuta iriyonse, ndipo sindingalangize kholo kuti likane kugulira mwana laputopu yabwino chifukwa chakuti iribe polowetsa chimbale. Koma kakufunikabe m'dera lirilonse, monga mmene mudzi umafunira chigayo chimodzi ngakhale si nyumba iriyonse imene iri nacho. Ntchito yake yaikulu tsopano ndi yotiolotsa, kuchotsa zinthu pa zimbale ndi kuziika pamalo ena nthawi isanathe.

Choncho ndipemphe zinthu zingapo. Poyamba, makolo anzanga, tulutsani zimbale zanu m'masutikesi chaka chomwe chino, muziyese ngati zikutseguka. Zimene zatseguka muuze ana azikopere pa kompyuta ndi pa fulashi, ndipo kope lina mukasungitse kwa m'bale amene amakhala kwina. Mlimi wanzeru sasunga mbewu yonse m'nkhokwe imodzi, chifukwa moto ndi anankafumbwe salawira. Chimbalecho musachitaye mukatha kukopera. Chisungeni m'kachikwama kake pamalo ozizira, kutali ndi dzuwa, ndipo muzichigwira m'mbali mokha.

Kachiwiri, ndipemphe alangizi a maphunziro a m'mazoni kuti pa TDC iriyonse imene iri ndi magetsi pakhale kachipangizo kamodzi kotere, kuti masukulu ozungulira azipitako ndi zimbale zawo. Mtengo wake si wofanana ndi wa kompyuta, ndipo makomiti a sukulu atasonkherana angathe. Chimodzimodzinso mipingo ndi mizikiti, imene iri ndi mbiri yambiri pa zimbale.

Kachitatu, mabungwe amene amapereka makompyuta ndi zipangizo zophunzitsira ku masukulu a kumudzi aziyamba afunsa chimene chiripo. Si bwino kupatsa sukulu mabuku a pa chimbale pamene makina ake alibe polowetsa, kapena kuuza mphunzitsi kuti akatenge pa intaneti kumene kulibe netiweki.

Kachinayi, a nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba, a wailesi pamodzi ndi bungwe la COSOMA aganizirepo zosonkhanitsa nyimbo ndi mafilimu a anthu athu amene ali pa zimbale zokha, mogwirizana ndi eni ake, kuti adzukulu athu adzazipeze. Ndiponso zikalata zofunika kwambiri monga za malo, masetifiketi ndi makaundula zizikhalabe ndi kope la pepala.

Pomaliza ndilankhule ndi achinyamata. Ana anga, musamaseke agogo anu akakupatsani chimbale. Lero mukunyadira fulashi ndi foni, koma dziwani kuti nazonso zidzakalamba, ndipo adzukulu anu adzazitembenuza uku ndi uku kusowa polowetsa. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Thandizani makolo anu kusamutsa zimene anasunga pamene makina ake akupezekabe, ndipo inunso muphunzire kusamutsa zanu nthawi ndi nthawi.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntchisi.