TISATSEGULE MJIGO WOPANDA THUMBA LOKONZERA

Chaka cha 2024 sichidzaiwalika msanga pakati pa anthu a m'boma la Nkhotakota. Kumapeto kwa mwezi wa Febuluwale mvula yamphamvu idagwa kwa masiku otsatizana, mtsinje wa Dwangwa udasefukira, ndipo madzi adalowa m'midzi ya kwa Mfumu Kanyenda ndi madera oyandikana nawo. Anthu ena adafa, mabanja zikwi-zikwi adasowa pokhala, ndipo msewu wa M5, umene anthu onse a m'mbali mwa nyanja amadalira, udaduka. Mwezi usanathe, pa 23 Malichi, Boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'ngozi, maka-maka chifukwa cha ng'amba imene idapsereza chimanga m'minda. Pofika mu Epulo ndi Meyi nyanja ya Malawi idakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, nimeza nyumba, minda ndi malo ogona alendo m'mphepete mwake.

M'miyezi itatu yokha a Malawi tidaona madzi osefukira, ng'amba ndiponso kukwera kwa nyanja. Akatswiri a zanyengo akhala akuchenjeza kuti pamene dziko lapansi likunka litentha, mvula idzakhala ikugwa mosadalirika: yochuluka pa masiku owerengeka, kenaka dzuwa la masabata angapo pakati pa dzinja. Chenjezo limeneli talimva, ndipo palibenso amene angalitsutse. Chimene tikufuna kuti atsogoleri a Chipani pamodzi ndi ogwira ntchito m'Boma alingalire mofatsa ndi nkhani ya ndalama. Kodi ndalama zosamalira mijigo, mipope, ngalande ndi mitsinje yathu m'nyengo yosokonekera yotere zidzachokera kuti?

Nkhotakota ndi boma lodalitsika pa nkhani ya madzi. Kum'mawa kuli nyanja yaikulu, kum'mwera kwa tawuni kuli nyanja ya Chia, ndipo mitsinje ya Bua, Dwangwa, Kaombe ndi Dwambazi imatsika kuchokera kumtunda. Madzi amenewa ndiwo amakulitsa mpunga wa pa sikimu ya Bua ndi nzimbe za ku Dwangwa. Mu mtsinje wa Bua ndi mmene nsomba za mpasa zimakwera kukaswana. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupi-fupi 400,000 m'bomali, ndipo ambiri a iwo amakhala pafupi ndi mtsinje kapena nyanja. Komabe pamene mliri wa kolera udabuka m'chaka cha 2022 ndi kupitirira mu 2023, n'kugwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno, maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo Nkhotakota, adali pakati pa madera okhudzidwa. Munthu wokhala moyang'anizana ndi nyanja akhoza kusowa madzi abwino akumwa. Zimbudzi za pa mchenga zimagwa msanga, madzi osefukira amatenga zonyansa n'kuzithira m'zitsime, ndipo mjigo ukafa amayi amabwerera kukatunga kudooko.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ife a Malawi timakonda mwambo wotsegulira chitukuko. Pa tsiku lotsegulira mjigo pamakhala magule, zolankhula ndi kuomba m'manja, koma kawiri-kawiri palibe amene amafunsa kuti kamphira ka m'kati kakadzatha adzagula ndani, kapena kuti mmisiri wodzakonza adzalipidwa ndi ndalama ziti. Aliyense woyenda m'midzi waona mijigo yochita dzimbiri, matanki opanda madzi ndi ngalande zodzaza mchenga. Zambiri mwa zimenezi zidafa ndi vuto laling'ono limene likadatheka ndi ndalama zochepa, koma chifukwa chozengereza tsopano zikufuna mamiliyoni. Dziko losauka limene limamanga chinthu chimodzi kawiri likudzisaukitsa lokha.

Kukwera ndi kutsika kwa nyanja yathu si kwachilendo. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930 nyanja idatsika kwambiri kotero kuti mtsinje wa Shire udaleka kutuluka m'nyanjamo. M'chaka cha 1980 idakwera kufika pafupi-fupi mamita 477. M'zaka za 2016 ndi 2017 idatsikanso, madzi a mu Shire adachepa, ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Phunziro lake ndi lakuti chilichonse chimene timanga m'mbali mwa nyanja chiyenera kupirira chaka cha madzi ambiri ndi chaka cha madzi ochepa chomwe. Paipi yokokera madzi m'nyanja iyenera kufika pakuya. Mjigo uyenera kukumbidwa pamalo okwera ndi kumangiridwa chiguwa cholimba. Mlatho uyenera kuyesedwa ndi madzi onga a 2024. Kumanga kotere n'kodula, ndipo kusamalira kwake n'kwa chaka ndi chaka. Walira mvula walira matope.

Ena adzati maiko olemera, amene utsi wa mafakitale awo ndiwo wasokoneza nyengo, ndiwo alipire. Mawu amenewa ndi oona, ndipo nthumwi zathu ziyenera kuwanena molimba mtima kulikonse kumene zipita. Koma tiyenera kukumbukira mbiri ya malonjezo. Ku Copenhagen m'chaka cha 2009 maiko olemera adalonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020, ndipo chaka chimenecho chidadutsa lonjezo lisanakwane. Thumba lolipira zoonongeka ndi kusintha kwa nyengo adagwirizana kulikhazikitsa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, patangotha miyezi yowerengeka namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo namondwe wa Freddy adatipeza mu Malichi 2023 thumbalo lisanayambe ntchito. Ku Baku mu 2024 adalonjezanso madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035. M'chaka cha 2025 dziko la America lidatseka bungwe lake la chithandizo la USAID, ndipo ntchito zambiri m'maiko osauka zidaima pakati. Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chithandizo chikabwera tichilandire ndi manja awiri ndi kuchigwiritsa ntchito mokhulupirika. Koma tidziwe kuti ngakhale chitabwera chonse, abwenzi akunja amakonda kulipira kumanga, pamene kukonza amasiyira eni ake. Tidziwenso kuti ngongole yotengedwa m'madola imalemera ndalama yathu ikagwa mphamvu, monga idachitira mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023.

Dziko lino lili ndi mbiri imene tiyenera kuinyadira ndi kuibwerera. M'chaka cha 1968 anthu a ku Chingale m'boma la Zomba adayamba kukumba okha ngalande zoyalamo mapaipi otsitsa madzi kuchokera kuphiri popanda injini. Boma lidapereka mapaipi ndi alangizi, anthu adapereka makasu ndi thukuta lawo. Ntchito yodzithandiza imeneyi idafalikira ku Mulanje ndi m'maboma ena, ndipo alendo ochokera kutali ankabwera kudzaphunzira. Mjigo wa Afridev, umene lero uli m'midzi yambiri ya mu Africa, chiyambi chake ndi mjigo umene udayesedwa kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo udapangidwa dala kuti anthu a pamudzi azitha kuumasula ndi kusintha timphira take okha. Chinsinsi cha ntchito zimenezi chidali chakuti aliyense ankadziwa mbali yake: mudzi unkadziwa kuti mpope ndi wake, ndipo mlangizi wa Boma ankayendera mapaipi nthawi ndi nthawi. Pamene kuyenderako kudafooka, mipope yambiri idauma.

Tsono ife tikuti ndalama zokonzera zichokere kuno kwathu, ndipo magwero ake alipo anayi.

Gwero loyamba ndi mudzi weni-weniwo. Komiti ya pamjigo ikhale ndi buku lolembamo zopereka za banja lililonse, ndipo msungichuma aziwerenga bukulo pamaso pa anthu ndi nyakwawa. Anthu amaleka kusonkha akaona kuti ndalama zawo zikulowa m'matumba a anthu awiri kapena atatu. Chimodzi-modzinso pa sikimu ya mpunga: kuyambira pamene Boma lidayamba kupereka masikimu m'manja mwa mabungwe a alimi, motsatira lamulo la ulimi wothirira la 2001, ndalama yolipira madzi ndiyo imatsuka ngalande ndi kukonza zitseko zake. Mlimi wozemba kulipira akubera mnzake wa kumapeto kwa ngalande.

Gwero lachiwiri ndi maofesi a Boma. Lamulo la 1995 lidakhazikitsa mabungwe asanu ogulitsa madzi, ndipo la Central Region Water Board ndilo limapereka madzi pa tawuni ya Nkhotakota ndi pa Dwangwa. Ndi zodziwika kuti kwa zaka zambiri maunduna ndi nthambi za Boma akhala ndi ngongole zazikulu ku mabungwe amenewa. Sitingauze mayi wogulitsa usipa kuti alipire ndowa iliyonse pamene ofesi yokhala ndi bajeti ikumwa madzi a ngongole. Mkulu aliyense woyang'anira chuma cha ofesi aike bilu ya madzi patsogolo pa ndalama za misonkhano ndi maulendo.

Gwero lachitatu ndi amene amapatutsa madzi ochuluka. Lamulo la zamadzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene limapereka ziphaso kwa okoka madzi m'mitsinje, m'nyanja ndi pansi pa nthaka. Maesiteti, mafakitale ndi mahotela onse akhale ndi ziphaso ndi kulipira pa nthawi yake, ndipo anthu adziwitsidwe kuchuluka kwa ndalama zimene zatoleredwa pa mtsinje uliwonse. Gawo la ndalamazo libwerere kumene madziwo achokera. Bua amayambira ku Mchinji, Dwangwa amayambira ku Kasungu. Mtengo ukadulidwa kumeneko, mchenga wake umadzafika m'ngalande za ku Nkhotakota. Nkhalango ya Nkhotakota, ya makilomita 1,800 m'bwalo lake, imene kuyambira 2015 ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi Boma, imateteza gawo la mtsinje wa Bua, koma kumtunda kwake kuli minda ya fodya ndi chimanga yofika m'gombe. Kubzala mitengo ndi kuleka kulima m'mphepete mwa mtsinje kumeneko ndi ntchito yoteteza mpunga wa kunyanja, ndipo iyenera kulipiridwa monga ntchito ina iliyonse.

Gwero lachinayi ndi khonsolo pamodzi ndi thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu. Pa ndalama iliyonse yoperekedwa ku ntchito za madzi papatulidwe gawo la kukonza, ndipo mjigo watsopano usavomerezedwe m'dera limene mijigo yakale yafa popanda woifunsa. Alangizi a zamadzi apatsidwe mafuta a njinga zamoto kuti afike kumidzi, ndipo zipangizo za mjigo zizipezeka m'masitolo a pa Nkhotakota, Dwangwa ndi Mwansambo.

Tikudziwa kuti alipo odandaula kuti anthu akumudzi ndi osauka, choncho si bwino kuwalipiritsa madzi. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo nkhalamba, ana amasiye ndi olumala ayenera kutunga osalipira, monga midzi yambiri imachitira kale. Koma tisadzinamize. Mjigo ukafa, amene amavutika koposa ndi wosauka yemweyo. Wolemera amagula madzi a m'botolo kapena kukumbitsa chitsime chake pakhomo. Wosauka amatuma mwana wake wamkazi kumtsinje kumene kuli ng'ona, mwanayo nachedwa kusukulu, ndipo banjalo limadzalipira ndi matenda.

Pomaliza tikulankhula kwa inu atsogoleri a Chipani m'nthambi, m'madera ndi m'maboma. Musalonjeze madzi aulere pa misonkhano, pakuti lonjezo lotere limapha komiti ya pamjigo tsiku lomwelo. Musalowerere pa kasankhidwe ka makomiti amenewa, chifukwa pamjigo amatunga anthu onse a m'mudzi. Inunso ogwira ntchito m'Boma, kuyambira bwanamkubwa mpaka mlangizi wa kumudzi, werengani mijigo, mipope ndi ngalande zonse za m'dera lanu, mulembe zamoyo ndi zakufa, ndipo mubweretse ziwerengerozo ku khonsolo bajeti isanakonzedwe. Amene ali m'maboma ena asaganize kuti nkhaniyi ndi ya kunyanja kokha, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwambo wotsegulira chitukuko cha madzi ukakonzedwa, mlendo wolemekezeka ayambe wafunsa kuona buku la thumba lokonzera. Ngati bukulo palibe, mwambowo uyambe wadikira.